Ndawauza afulatire bolodi

Mwaswera bwanji nonse kumudzi?

Lero alekichara athu a nyimbo abwera kuno ku Katete kudzaona mmene ndikuphunzitsira. Ndalemba manotsi a nyimbo pa bolodi, ndafotokoza mpaka kukhosi kwauma, koma ana angoti duu. Ine thukuta kamukamu, ndati basi ndalephera.

Kenako ndawauza afulatire bolodi. Ndayamba kuimba chapansipansi nyimbo yomweyo, ya kutchalitchi ija amama amaikonda popalira. Abale, kalasi yonse yalandira, ena alito, ena besi, popanda wowagawa!

Atatembenuka ndati, "Zimene mwaimbazo ndi zomwe zalembedwa apazi." Mtsikana wina wakuwa, "Kani timazidziwa kale!"

Alekichara andipempha ndikaonetse anzanga njirayi kukoleji.

Atate, paja munkati nyimbo si kosi. Lero mukuti bwanji?