Zala za Bambo Anga

Inali nthawi yopalira, mvula itagwa masiku atatu osakata. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba yathu kufupi ndi Zobue. Mfuti zinayamba kulira kumunsi, cha kuchigayo. Amayi anangoti, "Tiyeni kwa amalume anu, ku Nthache."

Muyambe mwadziwa za manja a bambo anga. Ali mnyamata, thonje lawo silinakwane pa sikelo ya Mpwitikizi. Anawamenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lija la mabowo, mpaka mafupa kusweka. Zala zinapola zitapindika, osafumbata, osatambasuka. Popita kumunda, amayi ankachita kuwamangirira khasu kudzanja ndi luzi. Kapu ankaigwira ndi manja awiri ngati mwana.

Tsiku limenelo panalibe anaganiza zomangirira.

Amayi anabereka khanda. Ine ndinamanga ufa m'chitenje changa n'kusenza. Mng'ono wanga Rozina, wa zaka zinayi, bambo anamukweza m'khosi. Rozina anali atavala diresi lachikasu lothothoka batani lapamwamba.

Mtsinje tinaupeza utadzaza. Kumbuyo kwathu utsi unali tolo. Tinalowa, madzi n'kundifika m'chifuwa. Pakati penipeni bambo anaterereka pamwala, Rozina n'kugwera m'madzi. Anamugwira. Ndinaona ndi maso angawa, kadzanja kake kali m'dzanja mwawo. Zala zinakana kutseka.

Tinatsata gombe tikuitana dzina lake mpaka mfuti zinayandikira. Amayi ndiwo anawakoka bambo malaya kuti tizipita.

Ku Mwanza anatiimika pamzere wa othawa nkhondo. Amayi anabadwira ku Nthache komweko, mchombo wawo uli konko, koma poti tinadutsa kamwala kamalire kamene azungu anaimika osafunsa munthu, anawalemba kuti ndi mlendo. Kalaliki anafunsa, "Ana angati, bambo?" Bambo anakweza dzanja kuti asonyeze. Kalaliki analiyang'ana, osapezapo chowerenga.

"Awiri," anatero amayi.

Lero ndimagulitsa manachesi pamalire pano. Inu achinyamata, matelefoni ali m'manja, mumandiuza kuti za atsamunda n'zakalekale, tiziiwale. Mumandipsetsa mtima zedi. Zakale kwa ndani? Mzungu uja anaswa zala za bambo anga anakwera sitima kubwerera kwawo Rozina asanabadwe n'komwe, zala zake zonse khumi zili bwinobwino, mwina anakanyamula nazo zidzukulu. Ena amati mng'ono wanga inamudya ndi nkhondo, ena amati ndi madzi. Ine ndimadziwa amene anamupha, ndipo sindinamukhululukire.

Amalume anatipatsa nyumba ndi kamunda. Khanda lija linakula, pano ndi dalaivala wa thiraki. Bambo anakhala nafe mpaka ukalamba, koma sananyamulenso mwana, ngakhale wanga woyamba nditawaikira pamiyendo.

Ufa uja tinadya masiku anayi okha. Chitenje ndikadali nacho. Ndinayesapo kuberekera nacho mdzukulu wanga wa zaka zinayi, msinkhu wa Rozina, ndipo chinakwana bwinobwino, mfundo n'kutsalako.