A Chaile Ankafuna Kumva Mawu

Ndikakumbukira a Chaile, chimene chimayamba kundifika ndi fungo: palafini, mtovu wosungunuka ndi fodya wopichira m'pepala la nyuzi. Anali aneba athu ku Balaka, kuseri kwa siteshoni ya sitima, ndipo pakati pa nyumba yawo ndi yathu panali mpanda wa nkhadze umene mbuzi zinauboola kalekale. Ntchito yawo inali yomata ndowa zobooka, kukonza mapulayimasi ndi kupanga nyali za koloboyi ndi zitini zotha ntchito, moti kuyambira m'mawa amayi akamasesa pabwalo mpaka dzuwa kupendeka tinkangomva kugogoda pakhonde pawo, kukadukiza pang'ono n'kumveka chifuwa chija chouma chimene ankati anabwera nacho kuchokera ku Joni.

Dzina lawo lenileni linali a Mbewe, koma ndikukayika ngati alipo mwana wa mumzere mwathu amene ankalidziwa. Anapita kumigodi ali mnyamata n'kubwerako imvi zitayamba. Anthu ena ankabwerako ndi njinga, wailesi ndi masutukesi. Iwo chimene tinachiona ndi majombo olemera amene ankawasunga kunsi kwa bedi, ndi chisoti cha kumgodi chimene nkhuku zawo zinkamweramo madzi. Akazi awo anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo za ana sankakamba.

Dzina lakuti a Chaile linabwera chifukwa cha zimene ankachita madzulo aliwonse. Utsi wa mbaula ukayamba kukwera m'makomo, amayi akamabwerera kumjigo ndi ndowa zomaliza, iwo ankadzuka pampando wawo, n'kupita pamtengo wa nimu pamene anapachikapo chidutswa cha njanji. Ankachimenya ndi hamala n'kukuwa kuti, "Chaile!" Amenewo ndi mawu a kumgodi, otanthauza kuti nthawi yoweruka yakwana. Ife ana tinkasiya fulaye, phada kapena mpira wa majumbo n'kuthamangira pamenepo fumbi lili kobo. Kenako ankatiitana mayina mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankayenera kuyankha kuti, "Khona!" kutanthauza kuti ndilipo. Palibe anawapatsa udindo umenewu. Makolo ankangoukonda chifukwa ukatha mwambowo tinkapita kukasamba popanda kutithamangitsa ndi kamtengo.

Ine ndinali mwana wa pakamwa, moti iwo ankanditcha Wailesi. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake ankadzivutitsa ndi mayina pamene tonse ankationa ndi maso awo. Anandiyang'ana, fodya ali kukamwa.

"Pansi pa nthaka kulibe nkhope, Wailesi," anatero. "Kuli mawu basi. Munthu mwala utamuphwanya phazi amanena kuti ali bwino, koma mawu ake amamuulula. N'chifukwa chake mnzako sumuyankhira."

Ndinaseka, chifukwa pa msinkhu umenewo chilichonse chimene ankanena chinkandiseketsa. Sanakwiye. Anangondituma kuti ndikawapalire moto kwathu.

Chaka chimene timachikumbukira kwambiri ndi chimene tinalemba mayeso a sitandade 8. Tinali anayi osasiyana: ine, Mphatso, Yusufu wochokera ku Mangochi amene bambo ake ankasoka zovala pamsika, ndi Limbani. Chaka chimenecho kusukulu kunabuka chipere ndipo tonse, anyamata ndi atsikana omwe, anatimeta mpala. Tinkawerengera pakhonde pa a Chaile chifukwa nyali zinali zosasowa, tikudya malambe mpaka mano kuyayamira. Limbani ndiye anali katswiri wa masamu. Tonse tinkadziwa kuti ngati pali wopita kusekondale yogonera konko, ndi iyeyo.

Zotsatira zitabwera, atatufe tinasankhidwa kusukulu yoyendera, koma Limbani sanasankhidwe kulikonse. Masana onse sitinamuone. Madzulo chitsulo chinalira monga mwa masiku onse, ndipo a Chaile atafika pa dzina lake panangoti zii. Anaitananso. Yusufu, amene anali ndi mtima wabwino koma nzeru zothamanga, anamumvera chisoni mnzake kuti anthu ayamba kumufunsa zambiri, ndiye anazembera kuseri kwa nkhadze, n'kukulitsa mawu, n'kuyankha kuti, "Khona!"

A Chaile anaika hamala pansi pang'onopang'ono.

"Limbani wayamba liti kuyankhulira m'mphuno?"

Yusufu chimfine sichinkamuchoka chaka chonse. Anatuluka kuseri kuja atazyolika, ife tikudzigwira pakamwa. Koma a Chaile sanaseke ndipo sanamukalipire. Analowa m'nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba tinawaona atavala majombo aja. Anatsata njanji akutsokomola, ife tikuwalondola chapatali ngati anapiye. Anayenda akusuzumira m'mabogi a sitima ya katundu imene inkayembekezera kunyamuka kupita ku Limbe, mpaka anamupeza Limbani atadzipinda pakona ya bogi yopanda kanthu, ali ndi jumbo la malaya awiri ndi malambe.

Sanamukoke, sanamulalikire. Anangokhala pansi pamiyala pafupi ndi khomo la bogiyo n'kuitana dzina lake monga ankachitira pamtengo wa nimu. Anaitana, n'kudikira, n'kuitananso, mpaka tinamva kamawu konjenjemera kakuti, "Khona." Pobwerera a Chaile ankayenda chopanda nsapato chifukwa majombo anawatulutsa matuza, ndipo Limbani ndiye anawanyamulira paphewa. Chaka chotsatira anabwereza kalasi n'kukhoza bwino.

A Chaile anamwalira tili kusekondale, chifuwa chomwe chija. Ife tinakula, ndipo Joni yemwe anawadya mapapo uja anatiitana nafenso. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Midrand, m'mipanda ija mlonda amakufunsa dzina ngakhale akukudziwa. Yusufu amagulitsa makatani ndi mabulangeti m'shopu ya munthu wina ku Mayfair. Limbani ankagwira ntchito yomanga, akugona ku Joubert Park. Mphatso yekha ndiye anatsala ku Balaka, ndi mphunzitsi pasukulu yathu yomwe ija. Tili mumzinda umodzi atatufe, koma miyezi imatha osaonana, poti tsiku lopuma ndi limodzi ndipo limathera kuchapa. Chimene chimatilumikiza ndi gulu lathu la pafoni, limene tinalitcha Ana a Chaile, momwe mulinso ena a mumzere mwathu amene anabalalikira kwina.

Chisanu chathachi Mphatso anaponya pagulupo chithunzi chimene anachipeza m'kabati ya ahedi: kalasi yathu yonse, mitu ili mbee ngati mazira. Gulu linayaka moto. Wina anati makutu anga anali ngati zogwirira za poto. Ine ndinakumbutsa anthu kuti kabudula amene Yusufu anavala pachithunzipo anali ndi zigamba ziwiri kumbuyo, mwana wa telala wathunthu. Yusufu anati bambo ake ankasokera makasitomala, osati anthu odya zaulere. Tinakumbutsana za malambe, za mphunzitsi amene ankagona pa desiki tikuimba matebulo, za tsiku limene mbuzi inadya buku la Mphatso la sayansi iye n'kukhoza sayansi yomweyo kuposa tonse. Ndinaseka ndekha m'chipinda chochapira mpaka adona anasuzumira kuti aone ngati ndili bwino.

Kenako Yusufu anatumiza mawu. Ankamenya supuni pa chitsulo chopachikira makatani, akutsokomola monyengezera, n'kukuwa kuti, "Chaile!" Anayamba kuitana mayina ndi mawu okalamba aja. Aliyense anayankha ndi mawu ake. Mphatso anayankha ana a sukulu akusokosera kumbuyo. Ine ndinanong'oneza "Khona" wanga pafupi ndi makina ochapira. Limbani anatumiza kankhope koseka, kamisozi m'maso kaja.

Poyamba sindinaganize kanthu. Koma ndikusita malaya a bwana, kankhopeko kanandikhala pamtima. Limbani ndi munthu wotumiza mawu aataliatali, okamba za mpira ndi za mafolomani ake, moti tinkamudandaula kuti amatithera data. Ndinabwerera m'mbuyo pa macheza athu ndipo ndinapeza kuti kwa masabata angapo ankangotumiza tinkhope ndi tizala. Ndinalemba kuti Limbani ayankhe ndi pakamwa ngati anzake. Yusufu ndiye anafulumira.

"Musiyeni mfana, ali bize. Ndinamuona ku Park Station mwezi watha, ali fiti. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko."

"Yusufu wayambiranso kuyankhira anthu m'mphuno," analemba Mphatso.

Gulu lonse linagwa nako kuseka, ndipo Limbani anaponyanso kankhope kena. Ine sindinaseke. Ndinachita mantha, ndipo sindibisa. Ndinamuimbira, foni inangoitana. Patapita kanthawi analemba kuti ali bho, netiweki ndiyo ikuvuta m'nyumbamo.

Lamlungu m'mawa sindinapite kutchalitchi. Ndinakwera takisi mpaka m'tauni n'kumuimbira Yusufu kuti andipeze, apo ayi ndikauza akazi ake nkhani ya kabudula ija pamaso pa apongozi ake. Anabwera akung'ung'udza kuti ine ndi Wailesi yosatha mabatire. Tinadutsa pakati pa ogulitsa tomato, masokosi ndi machaja a foni mpaka tinapeza nyumba yosanja imene Limbani ankakhala. Chikepe chinafa kale. M'masitepe munali mdima ngakhale kunja kunali dzuwa, ndipo munkanunkha palafini wa mapulayimasi. Fungo limenelo litandilowa m'mphuno ndinakumbukira pakhonde pa a Chaile.

Anatitsekulira ndi mnyamata wa ku Zimbabwe, n'kutilozera katani imene inagawa chipinda pakati. Ndinaima pamenepo n'kuitana dzina lake.

"Ndili bwino, sisi. Ndikubwera."

Mawuwo anali opyapyala ngati a munthu amene akuyankhula ali m'chitsime. Sindinadikire kuti abwere, ndinakoka kataniyo. Anali gone pa matilesi, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho, mwendo wakumanzere ataukulunga ndi thaulo. Nditachotsa thauloyo Yusufu anatembenukira kukhoma. Mwendo unali utatupa mpaka m'bondo, ndipo chilonda cha pamsongolo chinali chitayamba kununkha.

Anatifotokozera mawu akudukaduka. Anaterereka pa makwerero a zitsulo kuntchito, chitsulo n'kumung'amba. Folomani anamupatsa mapilitsi n'kumuuza kuti akapume, abwerenso akachira. Kuchipatala ankaopa chifukwa masiku a m'pasipoti yake anatha, ndiye ankaganiza kuti akangolembetsa dzina amukweza basi yobwerera kumudzi chimanjamanja. Koma ndikuona kuti chachikulu chinali manyazi. Ku Balaka amadziwa kuti Limbani zake zikuyenda ku Joni, ndipo pagulu paja tinkangokhalira kuseka, ndiye sanafune kukhala munthu wobweretsa nkhani yozimitsa moto.

Ndinakwiya kwambiri. Ndinamuuza kuti mutu wake wa masamu uja sunamuthandizepo kuyambira kale, kuti kachiwiri kano tikumupeza atabisala ngati m'bogi muja, ndiponso kuti kumudzi kuli bwino kubwerera ndi miyendo iwiri kusiyana ndi kutsala kuno ndi umodzi. Iye anangotseka maso misozi ikutsikira m'makutu. Yusufu anagwada, n'kumubereka kumsana, n'kutsika naye masitepe onse aja akupumira m'kamwa, ine ndikuwaunikira ndi foni.

Kuchipatala tinadikira tsiku lonse pabenchi. Nesi wina anatilankhulira mawu owawa za anthu obwera amene amadikira mpaka zinthu ziwole, koma anamulandira, ndipo za pasipoti palibe anazitengera patali. Dokotala atauona mwendowo anapukusa mutu n'kunena kuti tikanachedwa pang'ono akanaudula. Anamugoneka, ndipo mwendo unapulumuka, ngakhale mpaka pano amatsimphina kukazizira.

Lamlungu lotsatira tinapita kukamuona. Yusufu anatulutsa supuni m'thumba, n'kugogoda pang'ono pa chitsulo cha bedi kuti manesi asamve, foni ili m'dzanja linalo. Ulendo uno sanatsokomole monyengezera. Anangoitana dzina n'kudikira. Limbani anayankha kuti, "Khona." Mawu anali osasa, ofooka, koma anali ake. Titatumiza mawuwo pagulu, Mphatso anayankha ndi mawu amene sitinamve bwino chifukwa ankalira, ndipo kumapeto kwake anati Yusufu akadzayankhiranso munthu wina, chithunzi cha kabudula chikapachikidwa mu ofesi ya ahedi.

A Chaile sanatisiyire kanthu kogwirika. Chitsulo cha njanji chija anthu ogula zitsulo zakale anachitenga, ndipo mtengo wa nimu anaudula pomanga golosale. Chimene ndinatsala nacho ndi khalidwe limene ena limawatopetsa. Mwana wanga wamkazi, amene ali kusekondale ku Zomba, amadandaula kuti anzake amayi awo amakhutira ndi meseji, koma ine ayi. Pagulu paja timasekabe, ndipo nthabwala za makutu anga sizinathebe. Koma munthu akangoyamba kuyankha ndi tinkhope tokhatokha, kapena akandilembera kuti ali bwino, ndimapukuta manja pa epuloni n'kumuimbira, ndipo sindidula mpaka ndimumve.