Mazila a nalimata m'chitini cha mkaka

Nchito yanga yoyamba anandipezela ndi azakhali anga. Iwo anali kugulitsa tomato ndi lepu m'nyumba za aziphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale ku Petauke, ndipo anamva kuti a Mwanza, mphunzitsi wa sayansi, akufuna mtsikana wotsuka mabotolo. Ine ndinali nditasiyila sukulu pa Fomu 2, ndili chabe pakhomo ku Nyimba. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene wopanda khadi la chipani anali kubwezedwa ngakhale pokwela basi. Azakhali anandigulila khadi, tinanyamuka.

Mabotolo ndinatsukadi, koma maso anga anali pa chitini cha mkaka waufa chimene chinali pamwamba pa kabati. M'katimo munali mchenga, ndipo pamchengapo panali timazila toyela tonga nsawawa. A Mwanza anati ndi mazila a nalimata, anawapeza kuseli kwa mabokosi akale, ndipo anafuna kuti ana a sukulu aone okha m'mene amaswela.

Anandiphunzitsa nchito yonse. Mchenga wa kumtsinje unali kuyamba waukazinga m'chiwaya kuti tizilombo tife. Dzila unali kulitola ndi kasupuni, kuika kadontho ka pensulo pamwamba pake, ndi kulikhazika kadonthoko kali kumwamba. Madzi sanali kuthilidwa pamchenga. Tinali kunyowetsa thonje n'kuliika m'chotsekela cha botolo pakona. Kukamwa kwa chitini tinali kumanga kansalu ka neti. Ndinafunsa chifukwa chake sitiwatembenuza monga imachitila nkhuku. "Nalimata sakhalila mazila," anatelo. "M'mene waliikila ndi m'mene likhalile." Ukaunika ndi tochi unali kuona timitsempha tofiila m'kati, ndipo ine ndinali kuunika mpaka mabatile kutha.

Sukulu itatseka mu Disembala, a Mwanza anapita kwao nandisiyila chitinicho. Ndinachifungata pamiyendo m'basi mpaka ku Nyimba. Amai anga atamva za m'katimo anakana kuti chilowe m'nyumba yogona, poti anamva kuti nalimata akagwela m'ndiwo anthu amafa. Ndinachiika pakampando m'kanyumba kosungila makasu.

Tsiku lina m'mawa, mvula itangokata, ndinapeza kamwana kamodzi kataswa. Kanali kochepa kuposa chala changa chaching'ono, khungu loonekela m'kati, maso aakulu ngati obweleka. Dzila lina linali litang'aluka. Ndinathamangila kumtengo wa mango kukatola mango oola, chifukwa timwanato timadya tintchentche ta pa zipatso zoola. Ndinachedwako pang'ono posankha.

Pobwela ndinapeza mzele wakuda wa linthumbu utalowa pansi pa chitseko, utakwela mwendo wa kampando, utapeza mpata m'mbali mwa neti. Ndinanyamula chitini, linthumbu n'kundikwela m'manja. Kuchikutumula sikunatheke, mazila akanagubuduka. Ndinaima pabwalo chitini chili m'manja, likundiluma m'mikono ndi m'khosi, ndikuitana amai.

Anabwela ndi phulusa lamoto pa fosholo, nalithila pakhomo pa kanyumbako ndi kuzungulila mapazi anga. Kenaka anatenga beseni la madzi, naika mwala pakati.

"Khazika apa. Tola iwe mazila, ine nditole zoluma."

Anazula nthenga ya nkhuku nayamba kukokolola linthumbu limodzi limodzi, ine ndikusamutsila mazila m'mbale ya mchenga wina, kadontho kumwamba. Kamene kanaswa koyamba kanali katafa kale, linthumbu litakakuta kumutu. Kachiwili kanatuluka m'chigoba tili pomwepo, n'kukwela pa chala cha amai. Sanakakutumule. Anakayang'anitsitsa nthawi yaitali, nandifunsa ngati kadzawadziwa mai ake. Ndinati sindikudziwa. Madzulo ake anandiuza okha kuti mbaleyo ndiiike patebulo m'nyumba, miyendo ya tebulo ili m'zitini za madzi.

Sukulu itatsegulidwa ndinabwelela ndi timwana tamoyo ndi mazila otsala, ndili ndi mantha chifukwa cha kakufa kaja. A Mwanza anamvetsela nkhani yonse osandidula. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga linthumbu linadziwa bwanji kuti dzila laswa tsiku limenelo, pamene masabata onse aja silinabwele?" Ndinati kapena ndi fungo la madzi a m'dzila. Anati n'kutheka, ndipo tinaika chigoba chatsopano ndi chouma pabwalo kuti tione chimene nyelele ziyambe. Zinayamba chatsopano.

Ndinakhala m'chipinda cha sayansi chija zaka zambili, ndikusunga mazila a abuluzi, a achule, ngakhale a njoka. Kuyambila pa tsiku la linthumbu lija ndinadziwa kuti tsiku loswa, limene munthu amasangalala nalo, ndilo loopsa kuposa onse. Chigoba chikangong'aluka, sindinali kuchokapo, ngakhale andiitane ndani.