Mabowo asanu ndi atatu m'boti la a Shepherd

Che Mwamadi akhala ku Biwi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezi akhala akukhoma masofa, mabedi ndi makabati pashedi yawo ya malata. Kumanja kwawo kuli malo otsukira magalimoto a mayi Jemima, kumanzere kuli Grain, wowotcherera mageti. Anabadwira ku Malindi, ku Mangochi, kumene bambo awo ankakhoma maboti a matabwa. Pofika zaka khumi ndi ziwiri ankatha kale kutseka mipata ya matabwa ndi thonje ndi phula. Kenako nsomba zinachepa, asodzi anasiya kufuna maboti atsopano, ndipo iwo anakwera basi ya ku Lilongwe atanyamula sowo, nyundo ndi tepi m'thumba la feteleza.

Chimene anayamba kuphunzira m'tauni n'chakuti kasitomala wa ku Lilongwe sagula ndi maso okha. Amafika pampando n'kuyesa kuunyamula. Ukanyamuka msanga, amakwinya nkhope n'kumapita. Ukakana, amamwetulira n'kuti, "Eya, wolimba ndiye uwu." Che Mwamadi ankanyansidwa nacho chizolowezichi, chifukwa kulimba kwa mpando kuli m'malumikizidwe ake. Koma ana anayi sadya mkwiyo wa bambo awo. Ndiye anagonja, ndipo kunsi kwa sofa iliyonse ankakhomerako matabwa a bulugamu opanda ntchito, kungoti ilemere.

Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pikapu inaima pashedi pawo ikukoka tirela, ndipo patirelapo panali boti la injini. Anthu a mu Biwi anazolowera kuona mathirakitala ndi maminibasi akufa, koma boti ayi, ndiye anasiya ntchito zawo n'kudzaunjikana. Mwini wake anali a Shepherd, a ku Area 25, ogwira ntchito ya fodya ku Kanengo, kwawo ku Ntcheu. Botilo analigula kwa munthu amene anatseka loji yake, ndipo ankafuna kuti lizinyamula anthu okacheza ku Senga Bay pawikendi. Linali la faiba, lotalika mamita asanu ndi imodzi, koma kumbuyo kwa chiwongolero kunali mbee, kopanda pokhala.

"Ndikufuna mipando ndi tebulo, madala," anatero a Shepherd. "Loweruka la sabata yamawa ndikukaliyesa. Ndikutenga akazi anga, apongozi anga, azilamu, ndi ana anayi. Tonse anthu khumi. Akaone kuti mkamwini wawo si wamasewera."

Che Mwamadi analizungulira botilo kawiri akuligogoda ndi chala, akumvetsera. Chichokereni ku Malindi anali asanagwirenso boti. Anayeza malo okhalawo: mamita awiri ndi masentimita khumi m'litali, mita imodzi ndi masentimita makumi asanu ndi atatu m'lifupi. Pafupi ndi injini anapeza kachitsulo kolembedwa kuti katundu yense, kuphatikizapo injini, asapitirire makilogalamu 800. Anawerengetsa pathabwa ndi pensulo. Akuluakulu asanu ndi mmodzi, 420. Ana anayi, 120. Injini, 110. Mafuta, zakumwa ndi zakudya, 100. Zonse pamodzi 750. Mipando ndi tebulo zinatsala ndi makilogalamu makumi asanu okha.

Sabata yonse anaisiya ntchito ya masofa. Anapita okha mpaka ku Malangalanga kukasaka matabwa opyapyala a pulayi osaopa madzi. Anapanga mabenchi awiri ofanana ndendende, lina kumanja lina kumanzere, kuti boti lisapendekeke. Benchi lililonse linali ndi chivundikiro, kuti m'katimo muzikhala majekete oyandamitsa munthu m'madzi. Tebulo linali lopinda, la m'mphepete motukuka kuti botolo lisagubuduke. Zonse pamodzi zinalemera makilogalamu 34. Sanafune kuboola paliponse. Anakonza zoti adzazimatirire ku nthiti za botilo ndi faiba, mwini wake akaziona kaye.

A Shepherd anabwera Lachiwiri la sabata yachiwiri. Sanakhalepo pabenchi, sanatsegule chivundikiro. Anangowerama n'kulinyamula ndi dzanja limodzi, dzanja lina lili ndi foni.

"Ichi n'chiyani?"

"Benchi, bwana."

"Benchi? Mwandipangira mipando ya ku sukulu ya mkaka? Apongozi anga akakhale pa bokosi la sopo?"

"Bwana, la pamadzi ndi limeneli. Mukaona pakachitsulo apa..."

"Ine ndinati mipando ya kwalite. Sofa yeniyeni, ya kona, ya siponji yokhuthala, tebulo la mlombwa la galasi pamwamba. Inu mwaona kuti ndine wa ku Ntcheu, basi mwati tim'pusitse ndi pulayi."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akunamiza anthu ndi bulugamu palibe anawatchulapo Che Mwamadi wonyenga. Lero, tsiku loyamba limene anagwira ntchito yoona, ndi limene ankatchedwa wakuba.

"Boti si pabalaza panu," anatero, mawu akukwera. "Mukaika sofa ya kona, kulemera konse kupita mbali imodzi, kumbuyo, kumene kuli kale injini. Funde likabwera lidzalowera pomwepo. Mwera, mphepo ya panyanja, mumaudziwa inu? Munauonapo?"

"Musandiphunzitse za katundu wanga."

"Ndiye katundu wanuyo ine sindikhomamo sofa. Pitani kwina."

Kwinako sikunali kutali. Grain anali ataimirira pamalire a mashedi awiriwo, magalasi owotcherera ali pachipumi, akumva zonse. Anali munthu wansangala, wogwira ntchito mwachangu, ndipo mageti ake sanagwepo. Koma madzi akuya amene iye ankawadziwa anali a mumtsinje wa Lingadzi nthawi ya dzinja.

"Bigi, musadandaule," anatero Grain. "Madalawa ndi a sitayilo yakale. Ine ndikupangirani chinthu choti ngakhale njovu ikhalepo."

Anakankha tirela mamita khumi okha, kuchoka pakhomo pa Che Mwamadi kufika pakhomo pa Grain. Masiku awiri otsatira Che Mwamadi ankapala matabwa a bedi atafulatira, koma makutu anali komweko. Grain anawotcherera chimango cha zitsulo zokhuthala zimene amapangira mageti, n'kuitanitsa munthu wa ku Kawale kudzakuta siponji ndi nsalu yofiira. Atamaliza anakaipimitsa pasikelo ya ogula zitsulo zakutha, n'kubwera akulengeza kuti msewu wonse umve.

"Sofa ndi tebulo, makilogalamu 162! Madala, mwamva? Yanu ija inali 34!"

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Mumtima Che Mwamadi anaphatikiza 750 ndi 162, n'kupeza 912. Anadziuza kuti si boti lawo, si apongozi awo, si ana awo. Anapala thabwa limodzi mpaka linaonda, analitaya pakona.

Lachisanu masana anatseka shedi n'kupita ku mzikiti monga mwa nthawi zonse. Pobwerera, asanakhote n'komwe pa mayi Jemima, anamva kulira kwa dirilo. Sikunali kulira kwa dirilo ikamadya chitsulo. Kunali kopepuka, kofulumira. Anathamanga, chipewa chili m'manja.

Sofa yofiira inali itakhala kale m'boti, kumbuyo chakumanzere, tebulo la galasi lili patsogolo pake. Grain anali m'kati akumanga ndi sipanala. A Shepherd ankajambula ndi foni. Che Mwamadi sanapereke moni kwa aliyense. Anagwada pafumbi ndi mkanjo wawo woyera, n'kukwawira kunsi kwa tirela. Pamimba pa botilo panatulukira mitu ya mabawuti. Anawerenga. Asanu ndi atatu.

Anatuluka fumbi lili m'ndevu.

"Grain! Waboola boti?"

"Nanga sofa igwira bwanji, madala? Ikayamba kuyendayenda? Musaope, ndaikamo timphira ta tayala. Mageti onse ndimamanga choncho."

"Geti limayandama? Iwe, geti limayandama?"

"Madala, ntchito munaikana nokha," anatero a Shepherd osachotsa maso pafoni. "Nsanje imeneyo. Mawa sikisi koloko tikunyamuka."

"Mukunyamuka ndi ana anayi m'chosefera ufa!"

"Anawo ndi anga."

Ku Malindi boti silipita kunyanja chifukwa mmisiri walumbira kuti ndi labwino. Amaliyesa lili pamtunda: amathira madzi m'kati n'kuyang'ana kunsi. Polowera madzi ndi pomwe amatulukira. Che Mwamadi anapita kwa mayi Jemima, amene anali kutsuka minibasi, n'kuwalanda paipi m'manja.

"Che Mwamadi, mwapenga? Thanki yanga yatsala theka, mipope yauma chiyambire Lachitatu!"

"Ndidzakutungirani ndekha, mayi. Tsegulani kwambiri."

Anaikoka paipiyo kudutsa pashedi yawo, n'kukwera patayala la tirela, n'kuiponya m'boti. Madzi anayamba kuthamanga pansi pa sofa. Grain analumpha n'kutuluka, nsapato zitanyowa. A Shepherd anakuwa.

"Sofa yanga! Nsalu imeneyo ndi yatsopano! Ndikuitanirani apolisi!"

"Aitaneni. Abwere adzaone nawo."

A Shepherd anagwira paipi kuti aichotse, Che Mwamadi anaigwira mbali ina. Anakokana, bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu ndi bambo wa zaka makumi anayi, madzi akuwathira onse awiri kumaso. Amakanika a m'magalaja oyandikana anafika, ogulitsa chipisi anasiya chiwaya pamoto. Palibe analeretsa. Madzi anakwera m'botimo mpaka kufika m'kakolo.

Mayi Jemima, amene anatsatira paipi yawo akukalipa, ndi amene anayamba kuwerama.

"Iii! Taonani kunsiku!"

Anthu onse ananjuta. Pabawuti loyamba panalendewera dontho, linagwa, linabwera lina. Lachiwiri chimodzimodzi. Awiri a kumbuyo, kumene faiba inang'aluka pomanga ndi sipanala, sankadontha, ankachucha ngati mpopi wosatsekeka. Posakhalitsa fumbi la pansi pa tirela linali ndi timadambo tisanu ndi titatu.

A Shepherd anasiya paipi. Ananjuta nawo, buluku la ku ofesi likukhudza matope, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Apa boti langoima, bwana," anatero Che Mwamadi akupuma mwa befu. "Palibe funde, palibe injini yogwedeza mabawutiwa. Kumeneko madzi adzalowera kunsi kwa sofa, kumene simukuona. Mudzazindikira apongozi anu atanyowa mapazi, gombe lili kutali. Mwa anthu khumi aja, odziwa kusambira ndi angati?"

A Shepherd ankayang'anabe madonthowo.

"Ndafunsa. Angati?"

"Palibe."

Grain anakanda m'mutu. "Tikhoza kupakapo silikoni, bigi. Mphindi khumi zokha."

"Iwe khala chete," anatero a Shepherd. Anadzuka, anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya. Sanawayang'ane Che Mwamadi m'maso, ndipo sanapepese. "Ndiye mutseka mabowowa lero? Tigone pano ngati n'kotheka."

"Lero ayi. Sofa ituluke, boti liume tsiku lathunthu. Bowo lililonse ndilipale, ndimate faiba kunja ndi m'kati, magawo atatu. Ndikatero ndimatirire mabenchi anga aja. Kenako ndithiremonso madzi. Lachinayi."

"Lachinayi? Anthu ndawauza kale! Apongozi anga afika dzulo kuchokera ku Ntcheu, nkhuku zagulidwa!"

"Akadye nkhukuzo ku Area 25."

"Nanga tebulo lokhali? Lagalasili? Likhale, madala, anthu aone kuti..."

"Mukaika galasi limenelo, kokani boti lanu muchoke, ndipo ine ndikwera minibasi ya ku Salima mawa m'mawa, ndikaime pagombe ndiuze mayi aliyense amene akukweza mwana wake. Ndiyeseni."

Anayang'anizana. Madzi ankadonthabe kunsi. Mayi Jemima anapita kukatseka thanki yawo akung'ung'udza kuti minibasi yatsala ndi thovu mbali imodzi.

"Grain," anatero a Shepherd potsiriza, "masula zinthu zakozi."

Panafunika amuna anayi kuti aitsitse sofayo, siponji itamwa madzi, ndipo anapumira kawiri. Grain anamasula mabawuti ake mwakachetechete n'kuwaponya m'chitini mwaukali, ndipo kuyambira tsiku limenelo salonjerana ndi Che Mwamadi. Amakanika anathandiza kukankha tirela kubwerera pashedi ya matabwa. Che Mwamadi anavula mkanjo wonyowa, anaukoleka pamsomali, n'kuyamba kukapa madzi m'botimo ndi chigubu chodula, akutukwana chamumtima m'Chiyao, bowo lililonse ndi mawu ake.

A Shepherd anapita kukaima pamthunzi wa pikapu yawo. Anaiyang'ana foni kanthawi, kenako anaimba.

"Amake Upile? Auzeni amayi kuti mawa sitipita. Ayi, injini ili bwino. Ndati sitipita, ana asapakire zovala."