Ludzu la Agogo m'Galimoto Yogonamo

Kapu ya agogo inali ya pulasitiki, yofiira, yobenthuka pang'ono pomwera. Ndidakali nayo. Imakhala m'bokosi limodzi ndi mapepala a ulendo umenewo: kabuku ka malangizo kochokera kwa obwereketsa galimoto, mapu amene amalume anawalemba mizere, ndi tikiti ya pamalo pamene tinakagona. Ine sinditaya pepala. Abale anga ali ndi luso loiwala zochititsa manyazi, ndiye pamafunika wina wosunga umboni.

Inali nthawi ya tchuthi cha nyengo yotentha, chaka chimene agogo, amayi awo a amayi anga, anabwera kwathu ku Ilford, mu London, kuchokera ku Dedza. Ine ndinali ku pulayimale, mng'ono wanga akukwawa. Amayi anali namwino, ndipo kuntchito anali atawachenjeza kuti akapitiriza kujomba chifukwa cha ana, ntchito iwathera. Chiyembekezo chonse chinali pa agogo, kuti akaukonda moyo wa kuno akhale nafe. Iwo anali asanavomere. Ankangoti, "Tiona."

Amalume, achimwene awo a amayi, ankakhala ku Barking. Anali munthu woti akamva chinthu kwa azungu akuntchito Lachisanu, pofika Lolemba akuchiphunzitsa ngati anabadwa nacho. Iwowa ndiwo anati njira yokopera agogo ndi kuwaonetsa mmene a kuno amapumira. Anabwereka galimoto yogonamo, ija ya mabedi, chitofu ndi chimbudzi m'kati. Ankaitchula kuti motahomu, mphuno ili m'mwamba.

Kabuku kaja anakaloweza ngati katekisimu. Tsekani gasi musananyamuke. Dziwani kutalika kwa galimoto musanalowe pansi pa mlatho. Khomani makabati kuti mbale zisagwe panjira. Fikani dzuwa lisanalowe. Titafika anaika beseni la madzi patebulo, n'kumalowetsa matabwa pansi pa matayala mpaka madziwo atakhazikika, kusonyeza kuti galimoto sinapendekeke. Ndiwachitire chilungamo: sanaphonye langizo ngakhale limodzi. Sitinagunde mlatho, ndipo palibe mbale inasweka. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti munthu akhoza kutsata malangizo onse n'kukhalabe chitsiru.

Pachikuto cha kabukuko pali chithunzi cha mzungu, mkazi wake, ana awiri ndi galu. Ndachiyang'ananso lero. Apongozi palibe.

Kwathu mkamwini sadya mbale imodzi ndi apongozi ake, sakhala nawo mpando umodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatuka. Ku Ilford nyumba inali yaing'ono, komabe zinkatheka: bambo ankadyera kukhitchini, agogo anali ndi chipinda chawo, moni ankapatsana chitseko chili pakati. Amalume, eni mbumba, omwe ankadzudzula bambo ngakhale pa kakhalidwe ka miyendo, anatenga mkamwini ndi apongozi ake n'kuwalonga m'bokosi limodzi, malire ake katani.

Tinakaima m'munda wa mlimi wina m'mphepete mwa nkhalango, kungotuluka pang'ono mu London. Panali mpopi ndi dzenje lotayamo zonyansa, basi. Malo okhala ndi zimbudzi ndi mabafa amalume anawakana. "Zonse tili nazo m'kati," anatero. Ndimakumbukira fungo la udzu wonyowa, ndowe za mahatchi, ndi mankhwala abuluu a m'chimbudzi omwe ankamveka mpaka mu buledi. Chitseko cha chimbudzicho chinali chopyapyala ngati katoni. Munthu akatsokomolera m'menemo, wokhala pa chiwongolero ankamva.

Bambo sanagonemo. M'mawa tinkawapeza panja pansi pa lona, bulangete litanyowa ndi mame. Amalume ankaseka. "Alamu akonda kugona ngati msilikali."

Kabuku kankati thanki ya chimbudzi izikhuthulidwa tsiku ndi tsiku, ndipo pogawa ntchito amalume anaipereka kwa bambo. "Ine ndine dalaivala, msana wanga ndi wofunika." M'mawa wina agogo atakhala pakhomo la galimoto ndi tiyi wawo, anaona bambo akutsekula kachitseko ka m'mbali, akusolola chithanki chotuwa, n'kuchinyamula kudutsa munda wonse, zam'kati zikugwedezeka.

"Anyamula chiyani abambo ako?"

Ndinawafotokozera zonse bwinobwino, poti kabuku nanenso ndinali nditakawerenga.  Agogo anathira tiyi wotsala pa udzu, analowa m'kati, n'kuizondotsa kapu patebulo.

Sanamwenso. Tiyi anakana, madzi anakana, supu anakana. Ankanyema kabuledi kouma n'kumakatafuna nthawi yaitali. Kuthengo sakanapita: munda unali ndi mpanda wa waya waminga, ndipo mbali zonse kunali mabanja atakhala pa mipando yopinda, akuwotha dzuwa ndi kutikwezera manja. Amayi, namwino wathunthu, anawanong'oneza akugwetsa misozi, koma yankho linali limodzi: "Madzi a kuno sakundikomera." Amalume atamva anatsekula kabuku pa tsamba la kutsuka thanki ya madzi akumwa. Anaitsuka ndithu, mosamala, akuimba mluzu. Kenako anakagula madzi a m'mabotolo. Mpaka lero sindidziwa ngati sankaona kapena sankafuna kuona. Kaya n'chiti, ulemu wanga sanaupeze.

Dzuwa linaomba sabata imeneyo. Milomo ya agogo inang'aluka, mawu anayamba kusasa. Masana ena akutsika pa galimoto anachita chizungulire n'kugwa. Anakagonekedwa kuchipatala, madzi akulowa pamkono, amalume ali pambali akuuza anamwino za kutentha kwa chaka chimenecho.

Agogo atatuluka m'chipatala anaitana amayi n'kuti, "Ndinati tiona. Ndaona." Anabwerera ku Dedza masamba asanayambe kuyoyoka. Amayi anasiya unamwino, anayamba kusoka makatani a anthu kunyumba, ndipo kuchipatala sanabwererekonso. Amalume mpaka imfa yawo ankakamba za ulendowo ngati wopambana, akuti woyamba koma wopanda ngozi.

Mwezi watha mkamwini wanga, mnyamata wabwino wokulira ku Greenwich, ananditumizira kanema pafoni wa malangizo a oyamba kuyenda pa galimoto zoterezi, akuti tipite tonse. Ndinamuonera mpaka kumapeto, kabuku kakale kali pamwendo. Gasi, mlatho, makabati, matabwa a pansi pa matayala. Zaka zonsezi palibe wawonjezerapo funso loti amene mwawatengawo angagone chipinda chimodzi. Ndinayankha kudzera mwa mwana wanga kuti ayende bwino.

Koma nyengo ijayi ine ndinkalimbana ndi madzi. Ndinkathiramo shuga, ndinkawaziziritsa, ndinkayamba ndalawa n'kupeza kuti alibe vuto, kenako n'kupita nawo m'kapu yofiira ija. Agogo ankandisisita mutu n'kuti, "Imwa iwe." Ndipo tsiku limene anagwa, amene anali pafupi anali bambo. Anathamanga, anafika pomwepo manja ali tambasu, n'kuima osawakhudza, akufuula dzina la amayi. Pambuyo pake ndinawapeza kuseri kwa galimoto, pafupi ndi kachitseko kaja, akulira. Ndinawadutsa osawalankhula. Ndinkaganiza kuti munthu amene wasiya agogo anga pansi ndiye kuti amadana nawo.