Mwala wa a Wisikesi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkagulitsa zitumbuwa pa Namitambo, ndipo msika wonse unkadziwa kuti ine sindikhala chete, kaya m'Chinyanja kaya m'Chilomwe. Tsiku lina akatekisiti anandiitana nati kwabwera mayi wa ku yunivesite, katswiri wofufuza za kakhalidwe ka anthu, ndipo akufuna womasulira.

Mayi Kalitera anali aafupi, ovala chitenje chofwifwa ndi nsapato zansalu. Pondiyesa anandikhazika pafupi ndi mayi wina amene ankasenda nandolo, nati ndicheze naye. Ndinacheza ndithu, mpaka mwini nkhani anangotsala kuvomereza. Mayi Kalitera anaseka nati, "Chilomwe uli nacho, mwana wanga. Koma ndikulemba makutu, pakamwa uzisiya kunyumba."

Zida zathu zinali kawailesi kojambulira mawu, makaseti, mabatire ndi njinga ziwiri zakapalasa. Koma chida chachikulu chinali pansi penipeni. Tikafika pamudzi tinkasesa bwalo, anthu n'kujambula mapu a mudzi wawo: phulusa m'malo mwa njira, miyala m'malo mwa nyumba, timitengo m'malire a minda, chitsekerero cha botolo pamene pali mjigo. Abambo ankajambula paokha, amayi paokha. Pomaliza magulu awiriwa ankayenderana, ndipo aliyense wofotokoza malo ake ankagwira ndodo yolozera. Wina akagwira ndodo, ena onse chete. Ndimawasowa masiku amenewo, fumbi m'maso, chinangwa chophika m'thumba, Mayi akupalasa patsogolo akuimba nyimbo za kwaya mosalongosoka.

Tsiku limene sindiliiwala tinali pamudzi wina cha ku Milepa. Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo munda ndi wa akazi a pabanjapo, mbumba. Mkazi akamwalira, mkamwini amamusudzula, n'kubwerera kwawo. Pamudzipo panali a Wisikesi, nkhalamba imene inabwera chikamwini idakali mnyamata. Akazi awo anali atamwalira nthawi yokolola. Kwawo kumene ankati abwerereko kunalibenso mlongo, munda kapena khonde loti n'kukhalapo.

Abambo akujambula, a Wisikesi anawerama pang'onopang'ono n'kuika mwala wawo pamene pali nyumba yawo. A Filipo, mlongo wa malemu amenenso anali mwini mbumba, anautola n'kuuponya kutchire.

"Mwala uwu ukutani apa? Alamu angawa ndi alendo, mwezi wamawa akupita kwawo."

A Wisikesi anavula chipewa, nangoti, "Zoona, alamu."

Magazi anga anawira. Ndinaimirira, mawu atafika kale pakhosi, koma Mayi Kalitera anandikoka chitenje. "Khala pansi," ananong'ona. "Ukawakalipira, ife madzulo tikwera njinga, mkuluyu atsala nawo. Tiye tikaone amayi ajambula chiyani."

Ndinapita ndikufufuma. Ndinkaona ngati Mayi achita mantha, ndipo mumtima ndinawanyoza ndi masukulu awo onse.

Mapu a amayi anali kuseri kwa tchalitchi. Pakhomo pa malemu panali miyala iwiri yogundana, waukulu ndi waung'ono. Mayi anafunsa mwini wake, anakhala Esinati, mwana wamkazi wa a Wisikesi, mayi wa ana kale koma wamanyazi.

"Kamwala aka n'kandani?"

"N'ka ababa."

"Amalume anu akudziwa?"

Esinati anayang'ana pansi. "Sanandifunse."

Mayi sanamulangize chilichonse, sanatchule lamulo kapena boma. Anangotsata ndondomeko yathu ya masiku onse. Abambo anaitanidwa kudzaona mapu a amayi, ndodo inayenda khomo ndi khomo, mpaka inafika m'manja mwa Esinati. Ine ndinkangopemphera kuti asaipatsire wina.

"Amalume," anatero, "munda uwu anasiya amayiwu, si wanga?"

"Wako, nanga wandani?"

"Nde ababa ndawasunga ndine. Kusudzula mudzawasudzule, mwambo uchitike. Koma kupita, sapita kulikonse."

Kenako mayi wina kumbuyo anati, "Eetu!" ena n'kutsatira. A Filipo anayang'ana amuna anzawo, koma aliyense anali atapeza chochita ndi zala zake zakumapazi, poti ambiri mwa iwo analinso akamwini.

"Mbumba ikayankhula, ine ndine ndani?" anatero. Anachoka osatsanzika, ndipo sanatipatsenso moni mpaka tinamaliza ntchito pamudzipo.

Pobwerera ndinafunsa Mayi ngati ankadziwa kuti zitha chonchi. Anati ayi, zikanathanso kuipa. "Chimene ndinkadziwa n'chakuti mwini munda anali asanagwire ndodo." Mawu amenewo ndakalamba nawo. Lero ndimagwira ntchito ya zachitukuko m'midzi yomweyi, ndipo sinditseka msonkhano ndisanayang'ane amene wangokhala chete.

Mwezi watha Mayi Kalitera anawachitira mwambo wowalemekeza ku Boma, atapuma pa ntchito. Akuluakulu anatchula mabuku amene analemba ndi amasiye amene anawamenyera nkhondo pa nkhani za malo. Anawapatsa satifiketi ya m'galasi. Mwambo uli pafupi kutha, mayi wina wa imvi, fumbi la kabaza lidakali kumapazi, anapempha kuti adutse. Sindinamuzindikire mpaka atayankhula. Anali Esinati.

Anagwada pafupi ndi mpando wa Mayi. "Ababa anaona adzukulutudzi," anatero, "ndipo anagona pambali pa amayi, pamudzi pomwe paja."

Anamasula mfundo ya kunsonga kwa chitenje, n'kutulutsa kamwala kaja ka pa mapu a amayi, kataterera chifukwa chogwiridwagwiridwa. Mayi Kalitera anaika satifiketi pansi, nakalandira ndi manja awiri. Ine wa pakamwa uja anandipempha kuti ndifotokozere alendo tanthauzo lake, koma mawu anakana kutuluka.