Kachingwe ka M'chiuno mwa Mwana Wanga

Tinanyamuka ku Buruburu, mumzinda wa Nairobi, wapansi, azimayi a mpingo okhaokha, ulendo wa masiku atatu wokapemphera kuphiri la Amayi Maria. Ine ndinabereka mwana wanga wa miyezi isanu, wachifuwa chosamva mankhwala. M'chiuno mwake munali kachingwe kakuda kazitsamba komwe amayi anga anamumanga kumudzi tisanabwere ku Nairobi. Anandiuza kuti kakadzaduka ndisadzawalirire.

Tsiku loyamba tinafikira m'holo ya tchalitchi china, pamatiresi onunkha mapazi a oyera mtima onse omwe anagonapo. Tikusambitsa ana panja, ndinangoona amayi atcheya, Amalawi anzathu, akuyendera mwana aliyense, sizasi ili m'manja. Kachingwe ka mwana wa mnzanga anakadula n'kukaponya pambaula.

Ndinathawira kuchimbudzi ndi mwana wanga, ndinathothola mendulo ya Maria pakolona yanga ndi mano, n'kuimangirira pakachingweko.

"Iwe make mwana, tabwera naye kuno," anatero atcheya. Anamuvula thewera n'kuyang'anitsitsa.

"Azimayi, taonani kuno! Mnzanuyu wamanga Amayi Maria m'chiuno mwa mwana, inu mukulimbana ndi za asing'anga!"

Anakapsompsona kachingweko, anakawaza madzi odalitsidwa, mwana n'kuwakodzera padzanja.

Tinafika kuphiri kachingwe kali pomwepo. Chifuwa chinatha patapita sabata. Amayi anga amati ndi mankhwala awo, atcheya amati ndi Maria. Ine ndimavomera konsekonse, koma kolona yoduka ija ndinaibisa pansi pa sutikesi.